Wosunga Nyumba Watsazika

1. Maginito a pa filiji

Pa chitseko cha filiji ya kwa a Benedicto ku Area 15 padali dziko lonse lapansi. Padali phiri lathyathyathya la ku Cape Town, mathithi a ku Livingstone, ngamira ya ku Dubai ndi kangalawa ka ku Mombasa, zonse zomata ndi maginito. Banjalo likapita ku holide limabwerako ndi kamodzi.

Amene amatipukuta Loweruka lililonse adali Mayankho, mwana wa mlongo wawo wa a Benedicto. Mtsikanayu adachoka ku Malingunde mayi ake atamwalira, ndipo tsopano adali Fomu 3. Amalume akewo amamuphunzitsa sukulu yabwino, yomwenso amapita mwana wawo Lisa. Pa zimenezo sitingawanene, adachita zaumunthu.

Koma maiko onse a pa filijiwo Mayankho amawadziwa ndi kansanza basi. Ulendo wake wautali udali wa ku geti, kokatsegulira galimoto ndi kuimika dzanja.

Akazi awo a Benedicto, a Hellen, adali katswiri pofotokoza maulendo. Mlendo akangolakwitsa n'kuyang'ana filiji ija, tiyi amazizira. Amamva za kabokosi kolendewera pa chingwe kamene kadawakweza paphiri ku Cape Town iwo akukuwa, ndi za nthunzi ya mathithi imene idawanyowetsera wigi yatsopano. Nkhanizi Mayankho adaziloweza ngati katekisimu.

Mlendo akafunsa kuti nanga mtsikanayu adaona zotani, yankho limakhala limodzi.

"Uyu amatisungira nyumba. Nyumba sisiyidwa yokha."

2. Maulendo awiri, Loweruka limodzi

Chaka chimenecho holide ya Ogasiti idabwera ndi maulendo awiri. A Hellen adalengeza kuti banja lipita ku Zanzibar. Sabata yomweyo Aphunzitsi Zikhale, oyang'anira kalabu ya zachilengedwe, adatchula mayina a ophunzira opita ku Nyika. Adasankha amene adathirira mbande za mitengo osajomba, ndipo dzina loyamba lidali la Mayankho.

A Zikhale akayamba za Nyika amaiwala kuti belu lalira.

"Inu mumati mudaona dziko chifukwa mudakwera phiri la Bunda," adatero. "Ku Nyika mapiri ake ngometa mpala, udzu wokhawokha mpaka kumene maso alekera. Mbidzi zimadya pafupi ngati abulu a ku Mitundu. Ntchefu imakuyang'ana ngati ikukudziwa. M'mawa udzu umayera ndi chisanu, zala n'kukana kugwira supuni. Tidzera ku Kasungu, tigona ku Mzuzu, kenaka Rumphi n'kuyamba kukwera. Aliyense apeze jekete yochindikala."

Ana adakuwa, koma aphunzitsiwo adaimika dzanja.

"Mverani lamulo langa. Za makalata a makolo ine ndidasiya, chifukwa ena mwa inu mumasaina bwino kuposa bambo anu. Aliyense aperekezedwe ndi kholo lake mpaka pakhomo pa basi. Wobwera yekha ngati nkhuku yosochera abwerera."

Madzulo ake Mayankho adapeza a Hellen pabalaza akuyesa chipewa chachikulu cha kunyanja. Adawauza nkhani yonse. A Hellen adafunsa tsiku lonyamuka, ndipo atamva kuti ndi Loweruka lomwelo la ndege, adavula chipewacho.

"Khala pansi ndikuuze, poti ukuoneka ngati waiwala," adatero. "Mlonda amalonda mpanda, koma nyumba amasunga ndi m'bale. Akuba a masiku ano sathyola mwachisawawa. Amayamba aona ngati makatani akutsegulidwa m'mawa, ngati pachingwe pali zovala, ngati magetsi akuyaka ndi kuzima. Aneba athu aja adangopita ku Salima, pobwera adapeza atsala ndi misomali ya m'khoma. Iwe takusunga, takuveka, ukuphunzira limodzi ndi Lisa. Nanga ife tikupempha chiyani? Kungokhala m'nyumba, filiji yodzaza, wailesi yakanema yakoyako. Ndi atsikana angati kwanu ku Malingunde amene angakane zimenezi? Mbidzi sizithawa, udzaziona ukadzakula. Kwa eni munthu amayenda moweteka, mwanawe."

"Anti, chaka chatha mudati chaka chino ndipita nawo. Chaka chinacho mudateronso."

"Oo, wayamba kundisungira mawu?"

Lisa adazamitsa maso mu foni. A Benedicto adakweza nyuzipepala mpaka idabisa ndi dazi lomwe. Zidamupweteka Mayankho, makamaka nyuzipepala ija.

3. Jekete ya pa kaunjika

Mawa lake ataweruka adatsikira ku Old Town ndi mnzake wa pa desiki imodzi, Priya, amene bambo ake adali ndi sitolo ya nsalu. Nayenso Priya adali pa ulendo wa ku Nyika, ndipo nzeru zake zimathamanga kuposa minibasi.

"Iwe, nkhani yaing'ono iyi," adatero Priya atakhala pa mpukutu wa nsalu. "Ndege yawo ndi ya m'mawa, eti? Akangotuluka, kiya nyumba ubwere. Amayi anga akuperekeza, tiwauza kuti amalume ako ndiwo apempha. Lachisanu ufika iwo asanafike. Adziwa ndani?"

Nzeruyo idamukomera Mayankho, tisanamizane. Adatuluka m'sitolomo mapazi atapepuka, nawoloka mlatho wamatabwa kupita kumsika wa kaunjika. Kumeneko kudali benchi la a Ursula, mkulu wawo wa malemu mayi ake. Adasankha jekete yofiira, yochindikala ngati bulangete.

"Jekete yotereyi mu Lilongwe muno?" adafunsa a Ursula. "Ukupita kuti? Amalume ako akudziwa?"

Mayankho sadazolowere kuwanamiza amayi aakuluwo. Adaulula zonse, ndi nzeru ya Priya yomwe.

"Vula jeketeyo," adatero a Ursula. Adathamangitsa kasitomala amene amanenerera juzi, n'kumukhazika mtsikanayo pa belo. "Tamvera, mwana wa mng'ono wanga. Ochoka pakhomo mozemba alipo awiri okha, wakuba ndi mfiti. Ukapita mwakabisira, basi n'kukagwa ku Chikangawa, ife tidzakufuna kuti, poti tikudziwa kuti uli ku Area 15? Ndipo supuni imodzi ikadzasowa m'nyumbamo, dzina lako lidzakhala mbala mpaka ukalambe, ngakhale udzakhale dokotala. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

"Ndiye mundiperekeze inuyo, amayi."

"Sindingakuperekeze mlongo wanga asanakuyankhe. Mwini mbumba ndi iyeyo, ngakhale ndidamubereka kumbuyo ali khanda. Kwathu munthu wa ulendo amatsazika. Amagwada pamaso pa akulu, anthu akuona, n'kunena kumene akupita ndi tsiku lobwera. Akatero wachita mbali yake. Wamkulu akamuyankha kuti uyende bwino, ulendo wayera. Akapanda kuyankha, aliyense amaona kuti mtima wouma uli ndi yani. Koma ndikuchenjeze, walira mvula walira matope. Hellen ndimamudziwa ine. Ukamugwira pamenepo sadzaiwala, ndipo sukulu yako ili m'nyumba mwake."

"Nanga nyumba asunga ndani?"

"Ndikhoza kudzagonako ine, ngati angalole fungo la kaunjika pa sofa wake."

Mayankho adayang'ana mtsinje wa Lilongwe kanthawi, kenaka adaimirira.

"Ndikatsazika."

"Vala jekete yako," adatero a Ursula akugwedeza mutu. "Wandikumbutsa mayi ako. Nawonso khosi lawo lidali louma chomwechi."

4. Pamaso pa mphakati

Lachinayi madzulo akhristu a mphakati adasonkhana kwa a Benedicto kudzapempherera ulendo wa banjalo. Pabalaza padadzaza. A Hellen adali atafotokoza kale za mchenga woyera wa ku Zanzibar ndi zitseko zake zozokota, ngakhale adali asadapondeko. Mayankho amazungulira ndi thireyi ya tiyi, atamanga chitenje.

Mkulu wa mphakati, a Chipulikano, adatsogolera pemphero. Adapempherera a Benedicto, a Hellen, Lisa, woyendetsa ndege ndi mitambo yomwe. Asadatseke adafunsa monga amachitira nthawi zonse.

"Alipo wina wa ulendo amene tamuiwala?"

Mayankho adatula thireyi patebulo. Adapita pamaso pa amalume ake, nagwada, naomba m'manja mwaulemu.

"Amalume, ndabwera kudzatsazika. Loweruka ndinyamuka ndi asukulu kupita ku Nyika, m'boma la Rumphi. Tikagona ku Mzuzu, ndipo tidzabwera Lachisanu. Amayi aakulu avomera kudzasunga nyumba. Nanunso muyende bwino."

Mayi wina wachikulire ndiye adayamba.

"Ee, mwana wamwambo uyu! Ana a masiku ano ndani amatsazika chonchi? Anga amangotumiza uthenga pa foni ali kale ku Dedza."

A Hellen adaseka kuseka kopanda mano. "Akucheza uyu. Amatsala ndi nyumba."

"Sindikucheza, anti."

A Chipulikano adavula magalasi, nayang'ana kukhitchini kumene chitseko cha filiji chimaonekera.

"Kodi a Benedicto, maulendo onse ali apowa mwanayu sadapiteko ndi umodzi womwe? Pepani ngati ndalowerera. Kungoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji uyu ndi wa mlongo wanu."

Maso onse adagwera pa a Benedicto. Tsiku limeneli padalibe nyuzipepala pafupi. Adatsegula pakamwa, adayang'ana akazi awo, adayang'ananso mwana wogwadayo.

"Tikambirana," adatero.

Aliyense wa kwathu kuno amadziwa kuti limenelo si yankho la munthu wotsazika. Alendo adamwa tiyi mwachangu ngati ngwozizira, n'kubalalika.

Geti litangotsekedwa a Benedicto adamuitana.

"Mayankho, wandivula pagulu. Ndimayesa ndikulera mwana, osadziwa kuti ndikulera loya. Tandimvera bwino. Ine ndidabwera m'tauni muno ndi kabudula mmodzi. Ndidakhala kwa anthu, ndikutsuka magalimoto awo, ndikudya iwo akatha kudya. Sindidayankhe mwano ngakhale tsiku limodzi, n'chifukwa chake lero ndili ndi ofesi ku City Centre. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Watsala ndi chaka chimodzi kuti ulembe mayeso a Fomu 4. Ukakhoza udzapita ku Nyika, ku Mulanje, kulikonse, pa galimoto yako. Usagwetse nyumba chifukwa cha mbidzi. Mayi ako adakusiya m'manja mwanga, ndipo sindifuna kuti udzabwerere kumudzi chimanjamanja."

"Ndamva, amalume. Koma anthu amene mumawatsukira magalimotowo adali amalume anu?"

A Hellen ndiwo adalumphira.

"Mwamva? Ndiye mveranso izi. Ursula muno saponda. Iwe ukatuluka pa geti Loweruka, pobwera udzapeza thumba lako panja. Sukulu ukapitiriza ku Malingunde."

"Sindinabe, anti, ndipo sindiname," adatero Mayankho misozi ili m'maso. "Ndatsazika."

5. Makiyi

Loweruka kudacha ndi mphepo. Masutikesi adali kale m'galimoto. A Benedicto adavala shati yamaluwa imene akazi awo adawagulira kuti akaoneke ngati munthu wa pa holide, koma nkhope yawo idali ya kumaliro.

Mayankho adatuluka atavala jekete yofiira, kachikwama kali kumsana. Mbale adali atatsuka, agalu atawapatsa chakudya, pakhonde atakolopa. Maginito aja adawapukutanso, poti lidali Loweruka.

A Hellen adachita ngati jeketeyo sakuiona. Adatambasula dzanja, makiyi a nyumba ali lende.

"Kwaya. Makatani uzitsegula m'mawa."

Mayankho adaika manja kumbuyo.

"Ndati kwaya!"

"Sindingalandire, anti. Ndikalandira ndiye kuti ndavomera kusunga nyumba, kenaka n'kuithawa inu mutapita. Zimenezo ndiye zakuba. Ndikuchoka inu mukuona."

Lisa adatulutsa mutu pa windo la galimoto. "Mami, tangomusiyani apite. Chaka chilichonse amatsala yekhayekha."

"Iwe tseka pakamwa!"

Mayankho adagwadira amalume ake kachiwiri, pa simenti yozizira, nadikira. A Benedicto adayang'ana matayala a galimoto ngati ayamba kuwaona lero. Yankho silidabwere.

Mtsikanayo adadzuka, nasasa maondo. Geti limene amatsegulira anzake zaka zonsezi adadzitsegulira yekha, natuluka. Sadacheuke.

6. Pakhomo pa basi

Pasukulu padali phokoso la makolo ndi zikwama. Wina amamangirira mwana wake sikafu, wina amakankhira nkhuku yokazinga pa windo. Mayankho adaima pambali yekha. Aphunzitsi Zikhale adamuona, ndipo nkhope yawo idagwa.

"Kholo lili kuti, Mayankho?"

"Ndinatsazika, aphunzitsi, koma sanandiyankhe."

Mayi ake a Priya adasendera, atagwira m'mphepete mwa nsalu yawo ya sari. "Aphunzitsi, mwanayu ndimamudziwa, amabwera kusitolo. Ine ndimuimira."

"Zikomo, amayi," adatero Mayankho. "Koma wondiperekeza ndili naye. Akapanda kubwera ndiye kuti sindipita."

"Wapenga iwe!" adakuwa Priya ali m'basi. "Wataya nyumba, utayenso ulendo?"

A Zikhale adadikira kuposa mmene amadikirira munthu aliyense. Adawerenga ana kawiri, adauza dalaivala kuti aonenso mafuta, adakayang'ana tayala limene lidalibe vuto. Potsiriza zochedwetsa zidawathera.

"Pepa, mwana wanga. Ndikaswa lamulo chifukwa cha iwe, mawa ndiswera onse."

Injini idalira. Mayankho adaluma mlomo, naima njii, jekete yake ikuoneka kufiira kuposa kale. Apo m'pamene galimoto yotuwa idalowa pa geti la sukulu mothamanga, n'kuima mopingasa kutsogolo kwa basi. Mudatuluka shati yamaluwa.

A Benedicto adapita molunjika kwa Mayankho. Adamuvula mtsikanayo kachikwama kumsana, nakanyamula okha mpaka pakhomo pa basi.

"Aphunzitsi, uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Ndamuperekeza." Kenaka adatembenuka, namupatsira jumbo ya nthochi ndi mtedza wokazinga, kamba wogula m'njira ya ku Lumbadzi. "Uyende bwino, Mayankho. Ukafike bwino, ukabwere bwino."

Mayankho adalandira ndi manja awiri. "Amalume, nanga ndege?"

"Yapita ndi anti ako ndi Lisa." Adapisa m'thumba, natulutsa makiyi aja. "Nyumba sisiyidwa yokha."

Misozi imene adaigwira kuyambira Lachinayi idamupulumuka. Adafuna ulendo wake, inde, koma sadaganizepo kuti ungadye wa amalume ake. A Zikhale adamukankhira m'basi mofatsa, ndipo adakhala pa windo pafupi ndi Priya. A Benedicto adasendera pa windopo, natsitsa mawu.

"Pali china, ndipo sindikubisira poti iwe sunandibisire. Anti ako anena mawu pabwalo la ndege. Akuti akabwera Lachisanu asadzakupeze m'nyumbamo. Akadzakupeza, wochoka adzakhala iwowo."

"Inu mwayankha chiyani?"

"Ndati tikambirana."

Mayankho adadzuka pampando kuti atsike.

"Khala pansi!" adatero a Benedicto, ndipo aka kadali koyamba kuti awamve akukweza mawu. "Munthu akayankhidwa sabwerera panjira. Mbidzi zimenezo ukazione bwinobwino, udzandifotokozere mpaka mizere yake, chifukwa ndi zimene ndasinthanitsa ndi Zanzibar."

Basi idayamba kuyenda. Mayankho adapukuta maso ndi mkono wa jekete, natulutsa mutu pa windo.

"Amalume! Ndikabwera ndi kanga koika pa filiji, ndipo ndidzakamata ndekha!"

A Benedicto adaimika dzanja limene lidali ndi makiyi. Adatsala ali chiimire pafumbi ndi shati yawo yamaluwa, monga momwe iye amatsalira pa geti zaka zonse zija.

Basi idakhotera msewu wa ku Kasungu, ana akuimba. Mayankho sadaimbe nawo. Kutsogolo kudali Nyika, koma basi yomweyo idayenera kumubweza Lachisanu, tsiku limodzi ndi ndege ya a Hellen, ndipo geti la ku Area 15 lidali limodzi.